Thambo Lalikulu Pamwamba pa Dziko Lathyathyathya: Mmene Adatchi Anajambulira Madera Awo Akumidzi

Zithunzi zambiri zimene Jan van Goyen, wojambula wa ku Netherlands, anajambula m'zaka za m'ma 1630 ndi 1640 zilibe nkhani iliyonse yoti munthu angaifotokoze. Mulibe mfumu, mulibe mngelo, mulibe nkhondo. Muli mtsinje wodekha, bwato la asodzi awiri kapena atatu, nsanja ya tchalitchi yooneka patali, ndipo pamwamba pa zonsezi pali mitambo imene yatenga magawo atatu mwa magawo anayi a thabwa lonse. Ife amene tinazolowera kutola chithunzi cha chilichonse ndi foni sitingaone chodabwitsa pamenepa, koma ku Ulaya wa nthawi imeneyo chinali chinthu chachilendo kuti mmisiri awononge utoto ndi nthawi pojambula msewu wamchenga ndi khola lopendekeka, popanda kuikamo munthu wotchuka kapena nkhani ya m'Baibulo. Zithunzi zimenezi zimaoneka ngati zikunena zoona zokhazokha za dziko la Netherlands monga linalili. Zoona zake n'zakuti zinajambulidwa m'nyumba, ndi anthu a m'tauni, kuti zigulidwe ndi anthu a m'tauni anzawo, ndipo luso lake lalikulu linali kudziwa choika ndi chosiya kuti woona akhulupirire kuti palibe chimene chasankhidwa.

Ojambula a ku Flanders, dera limene lero lili m'dziko la Belgium, ndiwo anali m'gulu la oyamba ku Ulaya kupatsa malo ulemu m'zithunzi. Joachim Patinir, amene anamwalira mu 1524, ankajambula ngati kuti waima pamwamba pa phiri lalitali kwambiri ndipo akuona dziko lonse nthawi imodzi: matanthwe osongoka, mitsinje, mizinda ndi nyanja, pafupi pofiirira, pakati pobiriwira, patali pabuluu. Penapake pakona ankaikapo Mariya ndi Yosefe akuthawira ku Iguputo, kuti chithunzicho chikhale ndi chifukwa. Pieter Bruegel wamkulu, m'chithunzi chake cha 1565 cha alenje akubwerera kumudzi m'chipale chofewa, anaikamo alimi enieni ndi nyumba zenizeni, komabe kumbuyo kwake anaimikako mapiri amene ku Flanders kulibe. Njira ina inayamba mwakachetechete mu 1559 ndi 1561, pamene Hieronymus Cock wa ku Antwerp anasindikiza timapepala ta zithunzi zogoba pamkuwa, toonetsa midzi ya pafupi ndi mzindawo monga angaionere munthu woyenda pansi: kanjira, mpanda, denga laudzu, ng'ombe imodzi. Amene anazijambula dzina lake silinalembedwe, ndipo panapita zaka pafupifupi 50 kuti ena atsatire njira imeneyi mwakhama.

Chimene chinasamutsira mbewu imeneyi kumpoto ndi nkhondo. Zigawo za Netherlands zinaukira ulamuliro wa mfumu ya Spain kuyambira 1568, ndipo pamene mzinda wa Antwerp unagonja kwa asilikali a Spain mu 1585, anthu ambirimbiri, makamaka Achipulotesitanti, anathawira kumpoto, ku zigawo zimene zinali m'manja mwa oukirawo, atanyamula ndalama, luso loomba nsalu ndi chizolowezi chogula zithunzi. Mzinda wa Haarlem, umene unali ndi anthu pafupifupi 18,000 cha m'ma 1570, unafika pa anthu pafupifupi 40,000 pofika 1622. Amsterdam inakula kuchokera pa anthu pafupifupi 30,000 kufika pa 200,000 pasanathe zaka 100. Mu 1609 mbali ziwirizi zinagwirizana zoleka kumenyana kwa zaka 12, ndipo kwa nthawi yoyamba m'badwo wonse unatha kutuluka kunja kwa malinga a mzinda n'kukayenda m'midzi popanda kuopa asilikali. Mu 1612 Claes Jansz Visscher anasindikizanso ku Amsterdam zithunzi za midzi zija za ku Antwerp, ndipo cha nthawi yomweyo anatulutsa zake zoonetsa malo ozungulira Haarlem. M'chaka chomwecho cha 1612, Esaias van de Velde, Hercules Segers ndi Willem Buytewech analowa m'bungwe la amisiri ojambula la ku Haarlem. Van de Velde ndiye anachita chinthu chimene chinasintha zonse: anatsitsa maso kuchoka pamwamba pa phiri la Patinir n'kuwaika pa msinkhu wa munthu woima pamsewu.

Tchalitchi nacho chinathandiza, ngakhale sichinafune kutero. Mu 1566 magulu a anthu anathyola mafano ndi zithunzi m'matchalitchi ambiri a ku Netherlands, ndipo mpingo wa Reformed utatenga nyumba zopemphereramo zikuluzikulu, makoma ake anapakidwa njereza. Katekisimu wa Heidelberg wa 1563 amanena momveka kuti zithunzi zisaloledwe m'tchalitchi ngakhale monga zophunzitsira anthu wamba. Owerenga a ku chigawo chapakati cha Malawi akudziwa kale makoma otere, pakuti Sinodi ya Nkhoma inachokera ku mpingo wa Dutch Reformed wa ku Cape ku South Africa, umene amishonale ake anafika ku Mvera mu 1889. Kwa wojambula wa ku Haarlem, zimenezi zinatanthauza kuti kasitomala wamkulu wa makolo ake, amene ankaitanitsa zithunzi za paguwa n'kulipira bwino, analibenso ntchito naye. Dzikolo linalibenso mfumu yokhala ndi nyumba zambiri zofuna kukongoletsedwa. Wotsala anali wamalonda, wophika mowa, wowomba nsalu ndi wophika buledi, ndipo anthu otere sankaitanitsa chithunzi pasadakhale. Ankagula chimene achipeza kwa wojambula, kwa wogulitsa zithunzi, pamsika wa pachaka, ngakhale pamaere.

Mngelezi wina, John Evelyn, atafika pamsika wa pachaka ku Rotterdam mu 1641, anadabwa ndi kuchuluka kwa zithunzi zogulitsa ndi kutchipa kwake. Akatswiri a mbiri ya chuma amayerekeza kuti m'zaka 100 zimenezo Adatchi anajambula zithunzi mamiliyoni angapo, zimene zochepa kwambiri ndizo zatsala. John Michael Montias, amene anawerenga mndandanda wa katundu wa anthu omwalira mu mzinda wa Delft, anapeza kuti zithunzi za malo zinali pafupifupi chimodzi pa zinayi zilizonse m'zaka za m'ma 1610, koma pofika m'ma 1670 zinali pafupifupi ziwiri pa zisanu zilizonse, pamene zithunzi za nkhani za m'Baibulo zinkacheperachepera. Mmisiri waluso ankalandira pafupifupi gilda imodzi (ndalama ya Adatchi ya nthawiyo) patsiku, ndipo chithunzi wamba cha Van Goyen chinkagulidwa pa magilda 10 kapena 20. Mtengo umenewu sukanatheka wojambula akanamatha miyezi iwiri pa chithunzi chimodzi, ndipo apa ndi pamene msika unaloza maonekedwe a zithunzizo.

Kuyambira cha m'ma 1626, Pieter de Molijn, Salomon van Ruysdael ndi Van Goyen anayamba kujambula ndi mitundu yochepa kwambiri: kofiirira, kotuwa, kachikasu kozimirira ndi kobiriwira kosawala. Ankagwiritsa ntchito matabwa a mtengo wa thundu ochokera ku mayiko a m'mbali mwa nyanja ya Baltic, n'kuwapaka utoto wapansi wopyapyala kwambiri moti m'zithunzi zambiri za Van Goyen mizere ya thabwalo imaonekera m'madzi ndi m'mitambo. Sankadikira kuti utoto woyamba uume asanaike wachiwiri; ankasakaniza zonse zili zonyowa, ndipo bwato kapena munthu ankamutulutsa ndi mikwasa iwiri kapena itatu ya burashi. Utoto wa dothi unali wotchipa, ndipo ntchito inkatha msanga. Samuel van Hoogstraten analemba mu 1678 nkhani ya mpikisano umene Van Goyen, Jan Porcellis ndi François Knibbergen anapangana kuti aliyense amalize chithunzi dzuwa lisanalowe, ndipo akuti Van Goyen anayamba ndi kupaka thabwa lonse mabala owala ndi akuda, kenako n'kuyamba kufufuzamo nyumba, mitengo ndi mabwato. Van Goyen anasiya zithunzi zopakidwa utoto pafupifupi 1,200.

Kungakhale kulakwa kunena kuti njira imeneyi inali yongofuna kusunga ndalama basi. Zinangochitika kuti njira yotchipayo ndi imenenso inkaonetsa bwino mpweya wa dziko lonyowa, mmene chinyontho chimachepetsa kuwala kwa mitundu n'kuchititsa kuti madzi, mtunda ndi thambo zikhale ngati zachokera m'mphika umodzi wa utoto. Van Goyen mwiniwake sanalemere nayo. Mzinda wa The Hague, kumene ankakhala, unamulipira magilda 650 mu 1651 chifukwa cha chithunzi chachikulu cha mzindawo, koma iye anali atalowa m'malonda a nyumba ndi a mababu a maluwa a tulip, amene mitengo yake inagwa mwadzidzidzi mu February 1637, ndipo anamwalira mu 1656 ali ndi ngongole zambiri.

Nkhani ya thambo ndi yofunika kuikhalira pang'ono, chifukwa ndi pamene pagona luso lonse. Wojambula wa ku Italy anali ndi mapiri omuthandiza kugawa chithunzi chake, kuika china patsogolo ndi china kumbuyo. Mdatchi analibe phiri. Akaika mzere wa m'chizimezime pamwamba, dziko lake lathyathyathya linkaoneka ngati mapu oyalidwa patebulo. Akautsitsa pansi, mtunda wonse unkasanduka kamzere kopyapyala, ndipo gawo lalikulu la thabwa linkatsala lopanda kanthu. Iwo anasankha kuutsitsa, n'kupereka kwa mitambo ntchito imene mapiri ankagwira kwina. Mitambo ndi imene ili ndi msinkhu, kulemera ndi kayendedwe m'zithunzi zimenezi. Ndi imenenso imalamulira kuwala pansi: wojambula amaika mthunzi wakuda kutsogolo kwenikweni, kenako kamzere ka munda wowala ndi dzuwa, kenako mthunzi wina, kenako kuwala kwina kocheperapo, mpaka diso litayenda mtunda wautali pa malo amene pathabwapo sakwana ngakhale chikhatho chimodzi. Philips Koninck anafika nayo patali njira imeneyi m'zithunzi zake zazikulu za m'ma 1650 ndi 1660, zimene zilibe chinthu chimodzi chachikulu choti diso ligwire, koma mizere yokha ya kuwala ndi mthunzi yotsatizana mpaka kukazimirira. Komanso tizindikire kuti nayo mitambo inasankhidwa. Masiku ambiri ku Netherlands thambo limakhala lotuwa lonse, la mvula yowaza, lopanda maonekedwe. Thambo lotere silipezeka kawirikawiri m'zithunzi. Ojambula ankakonda mitambo yaikulu younjikana, imene imalola dzuwa kudutsa pena ndi kutseka pena.

Palibe mmodzi mwa iwo amene ankaima m'munda ndi thabwa n'kumapaka utoto pomwepo monga mwa chizolowezi. Utoto unkaperedwa pamwala ndi kusakanizidwa ndi mafuta m'nyumba yogwirira ntchito, ndipo machubu achitsulo osungiramo utoto anatulukira mu 1841. Chimene wojambula ankanyamula paulendo ndi kabuku ndi choko chakuda. Karel van Mander, m'buku lake lolangiza ojambula la 1604, analimbikitsa achinyamata kuti azidzuka m'mamawa n'kutuluka kunja kwa mzinda kukaona dzuwa likutuluka ndi kulemba zimene aona, kenako abwerere kunyumba akajambule kuchokera m'mutu. Mabuku ena a Van Goyen alipobe, kuphatikizapo masamba a ulendo wake wa 1650 ndi 1651 wolowera ku Nijmegen ndi Cleves, ndipo akaikidwa pambali pa zithunzi zake zimaoneka kuti nsanja imodzi ankaisuntha kuchoka pamtunda n'kuiika m'mbali mwa mtsinje, kapena kuphatikiza chipata cha mzinda wina ndi doko la mzinda wina. Ngakhale anthu ang'onoang'ono oyenda m'misewu ya m'zithunzi nthawi zina sanali a mwini chithunzi: Adriaen van de Velde ndi Johannes Lingelbach ankaitanidwa kuti akaike anthu ndi ziweto m'zithunzi za anzawo.

Mitundu imene tikuiona lero siyofanana ndendende ndi imene ogula oyamba anaiona. Buluu wabwino kwambiri ankachokera ku mwala wokumbidwa ku Afghanistan ndipo anali wokwera mtengo, choncho ambiri ankapaka thambo ndi galasi labuluu lopera, limene likakhalitsa m'mafuta limatuwa. Masamba a mitengo ankawapanga mwa kusakaniza buluu ndi chikasu chochokera ku zomera, ndipo chikasucho chimafwifwa ndi kuwala, n'chifukwa chake m'zithunzi zina masamba amaoneka abuluu.

Tsopano tifike pa zimene zinasiyidwa. M'zaka zimene ojambula ankajambula milu ya mchenga ndi nyumba zaudzu zakugwa, chigawo cha Holland, mmene muli Amsterdam ndi Haarlem, chinkasinthidwa ndi manja a anthu mofulumira kuposa dera lina lililonse ku Ulaya. Nyanja ya Beemster, kumpoto kwa Amsterdam, inaumitsidwa pofika 1612 ndi makina opopa madzi oyendera mphepo oposa 40, ndi ndalama za amalonda monga Dirck van Os, mmodzi mwa oyambitsa kampani ya Adatchi yochita malonda ku Asia. Pansi pa nyanjayo panatuluka mahekitala pafupifupi 7,000, amene anagawidwa ndi misewu ndi ngalande zowongoka ngati mizere ya m'kope la masamu. Nyanja ya Purmer inatsatira mu 1622, ndipo ya Schermer mu 1635. Mu 1632 anatsegula ngalande yowongoka pakati pa Amsterdam ndi Haarlem, mmene mabwato okokedwa ndi akavalo ankanyamuka pa nthawi yoikika. Kumadambo anthu ankakumba dothi lakuda loyaka, n'kuliumitsa kuti likasonkhezere moto m'mafakitale a mowa ndi a njerwa, ndipo kukumbako kunkasiya maenje aakulu odzaza madzi. Tirigu wambiri wodyedwa m'mizinda ankabwera pa zombo kuchokera ku Poland ndi madera ena a ku Baltic, zimene zinamasula alimi a ku Holland kuti aziweta ng'ombe za mkaka, kupanga tchizi ndi batala, ndi kulima mbewu zogulitsa. Mlimi wa ku Holland anali wamalonda wodziwa mitengo ya pamsika.

Zonsezi zimaoneka pang'ono kwambiri m'zithunzi zopakidwa utoto. Minda yowongoka ya ku Beemster inajambulidwa pa mapu, amene ankapachikidwa pakhoma monyadira, koma ojambula ndi burashi ankaizemba. Ankakonda nthaka yakale yamchenga ya kuseri kwa milu ya m'mbali mwa nyanja, njira zokhotakhota, milatho ya matabwa owola, ndi alimi amene akucheza pampanda kapena kupuma m'mbali mwa msewu. Munthu wotuluka thukuta ndi ntchito sapezekamo kawirikawiri. Chifukwa chake, monga ndikuonera, chili mwa wogula. Anthu oposa theka a m'chigawo cha Holland ankakhala m'mizinda, ambiri anali obwera kapena ana a obwera, ndipo chimene ankafuna pakhoma la chipinda chawo chinali mudzi umene munthu amauona Lamlungu masana akamawongola miyendo, osati munda umene iye mwini anaikamo ndalama kuti umubweretsere phindu. Dziko limene linali latsopano m'ndale, ndipo mbali ina latsopano ngakhale m'nthaka yake, linkafuna kudziona ngati lakale ndi lokhazikika.

Jacob van Ruisdael, mwana wa mchimwene wake wa Salomon van Ruysdael, anabadwira ku Haarlem cha mu 1628 ndipo anayamba kusaina zithunzi mu 1646, asanakwanitse zaka 20. Nkhondo ndi Spain inatha mu 1648, ndalama zinachuluka, ndipo ogula anayamba kufuna zithunzi zazikulu, za mitundu yolimba, zotenga nthawi. Ruisdael ankadziwa mitengo moti akatswiri a zomera amatha kusiyanitsa thundu ndi mitengo ina m'zithunzi zake poona makungwa ndi kaimidwe ka nthambi, chinthu chimene sichitheka kwa ojambula ambiri amene anamutsogolera. Koma munthu yemweyu, wosamala chotere pa tsamba limodzi, sankachita manyazi kusuntha mapiri. Cha mu 1650 anapita ku Bentheim, kungodutsa malire a Germany, kumene kuli nyumba ya malinga pa kachitunda kotsika. M'chithunzi chake cha 1653 chimene chili ku Dublin, nyumbayo yaima pamwamba pa phiri lalikulu la nkhalango. Anajambula mathithi ambirimbiri a mtundu wa ku Norway osapitako, potengera zithunzi za Allart van Everdingen, amene anafikako mu 1644. M'zithunzi zake ziwiri za manda a Ayuda a ku Ouderkerk, chimodzi ku Dresden ndi china ku Detroit, ziliza ndi zenizeni ndipo zilipo mpaka lero, koma mabwinja aakulu, mtsinje wothamanga, mapiri ndi utawaleza anaziwonjezera yekha, pakuti mandawo ali pamalo athyathyathya m'mbali mwa mtsinje wa Amstel.

Kwa ine, ntchito yake yopambana ndi zithunzi za Haarlem za cha m'ma 1670, zooneka kuchokera pamwamba pa milu ya mchenga ya kumadzulo kwa mzindawo. Patali pali tchalitchi chachikulu cha St Bavo, mmene iye mwini anaikidwa m'manda mu 1682, ndipo pafupi pali minda yoyeretsera nsalu, mmene mizere yaitali ya bafuta yayanikidwa paudzu, yoyera mbuu ngati ufa woyanika pamikeka. Apa ndi pamodzi mwa malo ochepa pamene ntchito ya malonda inalowa m'chithunzi. Nsalu zinkabwera ku Haarlem kuchokera kumayiko ena kuti zidzaviikidwe m'madzi a phulusa ndi mu mkaka wosasa wotsala popanga batala, kenako n'kuyanikidwa ndi kuwazidwa madzi oyera a m'mchenga kwa miyezi ingapo. Ogwira ntchitoyo ambiri anali akazi obwera kudzagwira ganyu ya nyengo imodzi, ndipo ophika mowa a mumzinda ankakangana ndi eni mindayo chifukwa cha madzi onyansa otayidwa m'ngalande. Ruisdael anaonetsa akaziwo ngati timadontho, ndipo magawo awiri mwa atatu a chithunzi anawapereka kwa mitambo. Chigayo chake choyendera mphepo cha ku Wijk bij Duurstede, chimene chili ku Rijksmuseum, nyumba yoonetsera zithunzi ku Amsterdam, anachijambula ngati akuchiyang'ana ali chapansi, kuti chitalike kuposa nsanja za tchalitchi ndi za nyumba ya malinga zimene zili kumbuyo kwake.

Ng'ombe nazo zinalandira ulemu wotere. Paulus Potter anali ndi zaka pafupifupi 22 pamene mu 1647 anajambula nkhunzi pa nsalu yaikulu mamita oposa awiri m'litali ndi oposa atatu m'lifupi mopingasa, kukula kumene kale kunali kwa mafumu ndi nkhondo zokha. Anaikamo ntchentche zouluka pamsana pake, chule pansi, ndi ndowe patsogolo penipeni. Komabe odziwa ziweto anaona kuti mano, nyanga, mapewa ndi miyendo yakumbuyo ndi za ng'ombe za misinkhu yosiyana, kusonyeza kuti nyamayo inalumikizidwa kuchokera pa zojambula zingapo. Potter anamwalira ndi chifuwa chachikulu mu 1654. Asilikali a France analanda chithunzicho mu 1795 n'kupita nacho ku Paris, kumene chinakhala zaka 20 chisanabwezedwe. Lero chili ku Mauritshuis, nyumba yoonetsera zithunzi ku The Hague. Aelbert Cuyp wa ku Dordrecht anachita zina: ng'ombe zake ndi mitsinje yake ndi za kwawo, koma kuwala kwagolide kumene kwazikuta ndi kwa ku Italy, dziko limene iye sanalipondemo, ndipo anakuphunzira kwa Jan Both wa ku Utrecht amene anakhalako ku Rome. Za nyengo yachisanu tingotchula Hendrick Avercamp wa ku Kampen, munthu wosamva ndi wosalankhula, amene kuyambira cha mu 1608 anadzaza ngalande zoundana ndi anthu olemera ndi osauka akutsetsereka pamodzi, pa nthawi imene Ulaya ankakumana ndi nyengo zozizira kwambiri.

Akatswiri akhala akutsutsana ngati zithunzi zimenezi zili ndi uthenga wobisika. Josua Bruyn ananena kuti Mdatchi wowerenga Baibulo ankaona ulaliki mu zonse: woyenda panjira ndi moyo wa munthu, mtengo wouma ndi imfa, nyumba ya alendo ndi mayesero, nsanja ya tchalitchi patali ndi chipulumutso. Svetlana Alpers ananena kuti Adatchi anali anthu a mapu, a magalasi oonera zinthu zazing'ono ndi zakutali, ndipo cholinga chawo chinali kufotokoza dziko looneka, osati kulalikira. Pa manda a ku Ouderkerk, Bruyn ali ndi mfundo, chifukwa palibe amene angaike ziliza, mtengo wakufa ndi utawaleza pamodzi mwangozi. Koma kunena kuti bwato lililonse la Van Goyen ndi ulaliki n'kuiwala kuti munthuyo ankajambula mofulumira kuti alipire ngongole, ndi kuti ogula ake anali Akatolika, Amenoni ndi a Reformed, amene sankamva ulaliki umodzi. Chimene onsewa ankagwirizana n'chakuti chilengedwe ndi ntchito ya Mulungu yoyenera kuyang'anitsitsidwa, ndipo chikhulupiriro chimenecho chinali chokwanira kuti mtengo ujambulidwe mosamala popanda kuusandutsa mwambi.

Chizolowezi chosankha choonetsa chinawoloka nyanja. Frans Post wa ku Haarlem anakhala ku Brazil kuyambira 1637 mpaka 1644 pamodzi ndi bwanamkubwa Johan Maurits, ndipo atabwerera kwawo anapitiriza kujambula minda ya nzimbe ya kumeneko kwa zaka zoposa 20, ndi mzere wotsika womwewo ndi thambo lalikulu lomwelo. M'zithunzi zake akapolo a ku Africa amayenda mwamtendere atasenza madengu, kapena amavina pabwalo. M'zaka zomwezo kampani ya Adatchi ya ku West Indies inalanda linga la Elmina (lero ku Ghana) mu 1637 ndi Luanda (lero ku Angola) mu 1641 pofuna kupeza akapolo a m'minda imeneyo. Amene waona mmene Post anabisira zowawa za m'zigayo za shuga amayang'ana mlimi wopuma pampanda wa ku Haarlem ndi diso lochenjera.

Msika wonse wa zithunzi ku Netherlands unagwa mu 1672, pamene France, England ndi mabishopu a Münster ndi Cologne anaukira dzikolo nthawi imodzi, ndipo Adatchi anatsegula makoma otchinga madzi n'kumiza minda yawo kuti aletse adani kufika ku Amsterdam. Zithunzi zakale zinali zitadzaza kale m'nyumba, ndipo olemera amene anatsala anayamba kukonda maonekedwe a ku France ndi ku Italy. Meindert Hobbema, wophunzira wa Ruisdael, anali atapeza kale mu 1668 ntchito ya mzinda yoyeza migolo ya vinyo, ndipo kuyambira pamenepo ankajambula mwa apo ndi apo. Komabe mu 1689 anatulutsa chithunzi cha msewu wa ku Middelharnis, chimene chili ku National Gallery ku London, ndipo ndi chimodzi mwa zochepa zimene zimaonetsa dziko lopangidwa ndi anthu mosabisa: msewu wowongoka, ngalande mbali zonse ziwiri, mitengo yaitali yosadzidwa nthambi yobzalidwa pamzere, ndi mlimi akudulira timitengo m'munda wake wa mbande. Kuunika ndi makina kunaonetsa kuti poyamba anaika mitengo ina iwiri patsogolo, kenako n'kuifafaniza kuti thambo litseguke. Anamwalira mu 1709 n'kuikidwa m'manda a anthu osauka.

Angelezi ndiwo anatola zimene Adatchi anataya. M'zaka za m'ma 1700 ndi kuchiyambi kwa 1800 anagula zithunzi za Cuyp ndi Hobbema zambiri moti zabwino kwambiri zili ku Britain osati kwawo. Thomas Gainsborough anaphunzira pa zithunzi zimenezi ali mnyamata, John Crome wa ku Norwich ankalemekeza Hobbema, ndipo John Constable anakopera zithunzi za Ruisdael ngakhale atakula. Kudzera mwa Constable ndi ojambula a ku Barbizon ku France, njirayo inabwerera ku Netherlands cha m'ma 1860 ndi 1870, kwa gulu la ku The Hague la Willem Roelofs, Jacob Maris, Jan Hendrik Weissenbruch, Paul Gabriël ndi Anton Mauve, amene anaphunzitsa Vincent van Gogh kugwira burashi kumapeto kwa 1881. Awa anali ndi machubu a utoto ndipo ankajambuladi panja. Ngalande zowongoka ndi makina a mphepo zimene ojambula a m'ma 1600 ankazizemba tsopano zinali zitakalamba mokwanira kuti zijambulidwe, chifukwa sitima yapamtunda inali itayamba kuyenda pakati pa Amsterdam ndi Haarlem mu 1839, ndipo nyanja yaikulu ya Haarlemmermeer inaumitsidwa pofika 1852 ndi makina atatu a nthunzi. Mauve anasamukira ku Laren, kumudzi wa nthaka yamchenga, kukajambula abusa ndi nkhosa, ndipo ogula a ku America anazikonda kwambiri moti mtengo wa chithunzi unkasiyana potengera ngati nkhosazo zikubwera kwa woona kapena zikupita.